Dzuwa Tili Nalo: Nanga Fakitale ya Masola Ilekeranji Kubwera kwa Tengani?

Masiku ano si chachilendonso kuona kagalasi kakuda kali padenga la nyumba yaudzu kwa Tengani, kapena katatsamira mtondo pabwalo. Imeneyo ndiyo sola. Ena amatchajira lamya, ena amaunikira ana powerenga usiku, ndipo alimi ena agula mapampu oyendera dzuwa othiririra mbewu m'madimba a m'mbali mwa Shire. Koma tikatembenuza masolawa ndi kuwerenga kapepala komatidwa kumbuyo kwake, tipeza kuti ambiri adapangidwa ku China.

Tsono pa misonkhano ya chitukuko ndi m'miphakati anthu amafunsa. Kodi dzuwa loswa mtengo ngati la kuno ku Chigwa cha Shire liliponso kwina m'Malawi muno? Nanga bwanji boma kapena akampani sabwera kudzamanga fakitale ya masola konkuno, kuti ana athu apeze ntchito m'malo mothamangira ku Joni?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Nthawi ya kampeni ikafika, mawu akuti "fakitale" savuta kuwatchula pa nsanja. Komanso amene amabwera ndi lonjezo la fakitale kawirikawiri amayamba ndi kupempha malo, pamene malo ndiwo chuma chokha chimene ambiri a ife tili nacho. Munthu wodziwa m'mene eni mafakitale amasankhira pomanga sanamizidwa msanga. Tiyeni tsono tione bwino nkhaniyi.

Sola sipangidwa pa fakitale imodzi

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tikuchidziwa: thonje. Mlimi amalima ndi kukolola, makina ena amachotsa njere, ena amapota ulusi, ena amaluka nsalu, ndipo pomaliza telala amasoka malaya. Ntchito zimenezi sizichitikira malo amodzi. Thonje lakhala likulimidwa kuno ku Chigwa kuyambira nthawi ya atsamunda, koma fakitale ya nsalu ya David Whitehead idamangidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, kumene kunali magetsi, madzi a m'mipopi, amisiri ndi ogula.

Sola nayonso imadutsa m'manja ambiri. Chiyambi chake ndi mwala woyera wa mtundu wa nsangalabwi. Mwalawu amauponya m'ng'anjo yamagetsi pamodzi ndi malasha kapena makala, ndipo moto wake umafika pafupifupi madigiri 2,000. M'ng'anjomo mumatuluka chinthu chotuwa chonga chitsulo chotchedwa silikoni. Silikoni ameneyu amakhala adakali ndi zitsotso, choncho amapita naye ku fakitale yachiwiri kumene amamuyeretsa ndi mankhwala ndi mpweya wotentha, kufikira kuti pa magawo miliyoni imodzi, lachitsotso lisapose limodzi. Silikoni woyeretsedwayu amalonda amamutcha polysilicon.

Pa fakitale yachitatu amamusungunulanso, naumba chipika chachitali chobulungira, ndi kuchicheka ndi waya woonda kukhala timapale topyapyala koposa chikhadabo. Pa fakitale yachinayi timapaleti amatitsuka ndi asidi, kutipaka mankhwala ndi kutilemba timizere ta siliva. Apa tasanduka maselo, amene amatha kutembenuza kuwala kukhala magetsi. Ntchito imeneyi imachitikira m'zipinda zaukhondo koposa chipinda cha opaleshoni, pakuti kafumbi kamodzi kamaononga selo. Pomaliza penipeni, pa fakitale yachisanu, maselo amawalumikiza ndi timalamba ta mkuwa, kuwatsekera pakati pa galasi ndi pulasitiki, ndi kuwaika m'felemu ya aluminiyamu. Apo ndiye sola yatheka.

Taonani kuti pa ntchito zisanu zonsezi palibe ngakhale imodzi imene ikufuna dzuwa. Dzuwa limafunika kwa wogwiritsa ntchito sola, osati kwa woipanga. Ndipo titchulepo pang'ono kuti sola imakonda kuwala, osati kutentha. Ikatentha kwambiri mphamvu yake imatsikako, n'chifukwa chake amisiri odziwa amasiya mpata pakati pa sola ndi malata kuti mphepo izidutsa. Kutentha kwa mu Okutobala kumene timadzitama nako sikuithandiza konse.

Nanga miyalayo? Ena anganene kuti m'madambo a ku Mchinji muli mchenga wabwino wopangira galasi, ndipo pa phiri la Mulanje pali dothi la aluminiyamu limene lakhala likudziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Zimenezi n'zoona. Koma mwala ndi mchenga si zimene zili zodula pa sola. Zodula ndi magetsi ndi makina. Taganizani za fakitale ya aluminiyamu ya Mozal imene idatsegulidwa pafupi ndi Maputo m'chaka cha 2000. Sidamangidwe pa mgodi ayi. Zipangizo zake zinkachokera ku Australia pa sitima zapamadzi. Chimene chidaikoka kumeneko ndi doko ndi magetsi otsika mtengo.

Pali mafakitale ena amene amatsatadi mbewu kapena mgodi. Fakitale ya shuga idamangidwa pa Nchalo m'zaka za m'ma 1960 chifukwa nzimbe ndi yolemera, ndipo ikadulidwa sichedwa kutaya shuga wake. Kuinyamula kupita nayo ku Blantyre kukadakhala kutaya ndalama. Ya spiriti ya PressCane idadza pafupi pomwepo chifukwa imagwiritsa ntchito manyuchi otsala pa shuga. Lamulo lake ndi ili: katundu akakhala wolemera ndi wosachedwa kuonongeka, fakitale imam'tsata. Akakhala wosavunda ndi wofuna moto wambiri, katunduyo ndiye amatsata magetsi.

Choyamba amafunsa za magetsi

Kuti apange kilogalamu imodzi ya polysilicon, pamafunika mayunitsi a magetsi pafupifupi 50 kapena kuposerapo, mayunitsi omwe aja timagula ku ESCOM. Mafakitale akuluakulu a ku China amapanga matani 100,000 kapena kuposa pa chaka. Tikawerengetsa, tipeza kuti fakitale imodzi yotere imadya magetsi oposa onse amene dziko la Malawi limapanga pa chaka chathunthu. Ngakhale tikadazimitsa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndi zipatala zomwe, sakadakwanabe.

Ndiponso si kuchuluka kokha. Magetsiwo sayenera kuthima. Chigayo chikaima chifukwa cha kuzima kwa magetsi, amayi amadikira, ndipo magetsi akayaka chimapitiriza pamene chidalekezera. Koma silikoni wosungunuka akazizira pakati pa ntchito, chipika chonse chaonongeka, nthawi zina ndi mphika wake womwe. Mwini fakitale akamafufuza dziko, amafunsa kuti magetsi adathima kangati chaka chatha. Ife tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko ndi kutaya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi. Makinawo adayambanso kugwira ntchito m'chaka cha 2023. Wofufuza uja amaziwerenga zonsezi.

N'chifukwa chake ngakhale mu China momwemo, mafakitale oyeretsa silikoni sali m'mizinda ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja. Ali kumadera akutali monga Xinjiang ndi Inner Mongolia kumene magetsi a malasha ndi otsika mtengo, ndiponso ku Sichuan ndi Yunnan kumene kuli madamu akuluakulu. Tikuona chodabwitsa apa: chipangizo chimene timachitama kuti sichiononga chilengedwe, kawirikawiri chimabadwira pa moto wa malasha. Komabe sola ikagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri imakhala itabweza magetsi onse amene adaipangira, pamene moyo wake umatha kufika zaka 25.

Bungwe la International Energy Agency lidaonetsa m'chaka cha 2022 kuti pa ntchito iliyonse yopanga sola, kuyambira pa polysilicon mpaka pa kulumikiza, magawo oposa 80 pa 100 aliwonse anali ku China. Pa timapale tija anali oposa 95. Si magetsi okha adachititsa zimenezi. Boma la China lidapereka malo ndi ngongole zosavuta kwa zaka zambiri, ndipo mafakitale adamangidwa moyandikana: wa galasi apa, wa mafelemu apo, wopanga makina kutsidya kwa msewu. Makina akafa, mmisiri amafika tsiku lomwelo. Zili ngati pa msika: ogulitsa nsomba amakhala mzere umodzi, ndipo woyala nsomba zake yekha kutali ndi anzake sapeza ogula.

Kenaka amafunsa za njira

Gawo lalikulu la kulemera kwa sola ndi galasi, ndipo galasi limasweka. Fakitale yolumikiza masola imalandira galasi, maselo, mafelemu ndi pulasitiki kuchokera kunja, ndi kutumizanso katundu wotha kwa ogula. Choncho imafuna doko kapena njanji yodalirika.

Pa nkhani imeneyi mbiri ya Chigwa chathu ndi yophunzitsa. Kale khomo la dziko lino linali kuno. Njanji yochokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima zinkayenda mpaka ku Beira, kudutsa kwa Tengani konkuno. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980. Madzi osefukira a 1997 adakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo Nsanje idadukana ndi Limbe. M'chaka cha 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira idafikanso pa Marka, patapita zaka pafupifupi makumi anayi. Chimenechi ndi chinthu choyenera kuchiyang'anira ndi maso awiri, pakuti kwa mwini fakitale njanji imeneyi ndi yamtengo wapatali kuposa dzuwa lathu lonse.

Nanga doko la Nsanje? Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegula dokoli pa mwambo waukulu, pamaso pa Pulezidenti Robert Mugabe wa Zimbabwe ndi Pulezidenti Rupiah Banda wa Zambia. Bwato lonyamula feteleza limene anthu ankaliyembekeza silidafike. Boma la Mozambique lidaliimitsa pa Zambezi, ponena kuti kafukufuku wa za chilengedwe ndi wa kayendedwe ka mabwato anali asanachitike. Anthu adagula malo pa boma la Nsanje poyembekeza mzinda watsopano. Zaka zidapita, simenti ija ndi kukhala pamene asodzi amakocheza ngalawa. Sitikukumbutsa zimenezi pofuna kunyoza munthu. Maganizo otsegula njira ya ku nyanja anali abwino. Koma adayamba ndi kumanga, mafunso ofunika ndi kuwasiya m'mbuyo, ndipo amene adalipira ndi anthu wamba.

Msewu wa M1 nawo wofufuza amauona. Amafunsa za madzi osefukira a 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. Amafunsa kuti msewu udaduka masiku angati, ndiponso kuti akampani a inshuwalansi angamulipiritse zingati akaika makina a mabiliyoni m'chigwa chotere.

Mafakitale amasamuka

Pali chinthu china chimene chimasankha malo a fakitale, chimene sichioneka ndi maso: misonkho ya mayiko olemera. M'chaka cha 2012 dziko la America lidaika msonkho waukulu pa maselo a sola ochokera ku China, ponena kuti akugulitsidwa motchipa mopanda chilungamo. Akampani a ku China sadataye nthawi. Adakamanga mafakitale ku Malaysia, Vietnam, Thailand ndi Cambodia, kuti katundu wawo azilowa ku America ndi dzina la mayiko amenewa. Anthu zikwizikwi adapeza ntchito. M'chaka cha 2025 America idaikanso misonkho yoopsa pa mayiko anayi omwewa. Mafakitale ena adatseka, ena adasamukira ku Indonesia ndi ku Laos. Ogwira ntchito sadalakwe kanthu. Chidawachotsa ntchito ndi chikalata chosainidwa ku Washington.

Ngakhale mayiko olemera zawaonekera. Ku Germany kampani ya Q-Cells, imene nthawi ina inali patsogolo pa dziko lonse popanga maselo, idagwa mu 2012 italephera kupikisana ndi mitengo ya ku Asia. Mtengo wa sola udatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020. Kwa ife ogula ndi nkhani yokoma. Kwa wopanga wamng'ono ndi imfa. Mu 2024 ngakhale makampani akuluakulu a ku China omwe adaluza ndalama, chifukwa masola adachuluka kuposa ogula.

Nanga muno mu Africa? Ku Naivasha m'dziko la Kenya fakitale yaing'ono yolumikiza masola idatsegulidwa mu 2011. Ku Mozambique boma, kudzera m'bungwe lake la FUNAE ndi ngongole ya ku India, lidatsegula ina pa Beluluane pafupi ndi Maputo mu 2013. Ku South Africa kampani ya ARTsolar idasankha Durban. Onsewa adatenga ntchito yomaliza yokha, yolumikiza maselo ogulidwa kunja, ndipo awiri mwa iwo ali pakhomo pa doko. Boma la South Africa lidaika msonkho wa magawo 10 pa 100 pa masola ochokera kunja mu 2024 pofuna kuteteza opanga a m'dzikomo. Koma msonkho wotere uli ndi mbali ziwiri: umateteza ntchito za anthu mazana ochepa, nukweza mtengo kwa ogula mamiliyoni.

Chitsanzo chimene chiyenera kutiganizitsa ndi cha Ethiopia. Dziko limeneli lilibe doko, monga ife. Katundu wake amadzera ku Djibouti. Komabe mu 2025 kampani ya TOYO ya ku Japan idayamba kupanga maselo, osati kungolumikiza chabe, mu mzinda wa Hawassa. Chidaikoka ndi magetsi otsika mtengo a m'madamu, malo a mafakitale okonzedwa kale ndi boma, ndi mwayi wogulitsa ku America popanda misonkho ija ya ku Asia. Chaka chomwecho Ethiopia idatsegula damu lake lalikulu pa mtsinje wa Blue Nile, la mamegawati oposa 5,000. Choncho kusowa nyanja si tsoka losachiritsika. Koma Aitiyopiya adayamba ndi magetsi, fakitale ndi kubwera pambuyo. Ndipo ngakhale iwo sadziwa kuti fakitaleyo ikhala zaka zingati, pakuti idadza pothawa msonkho ndipo msonkho ukhoza kuitsata.

Kutchipa kumeneku amalipira ndani?

Ife Akhristu sitingalekere pa mawerengero okha. Eni mafakitale amafunanso kumene malipiro ali otsika, kumene antchito saloledwa kudandaula, ndi kumene malamulo a za madzi oipa ndi ofooka. Zaka za m'mbuyomu, gawo lalikulu la polysilicon wa dziko lonse, pafupifupi magawo 40 pa 100 cha m'ma 2021, linkachokera ku Xinjiang. Kumeneko kudamveka madandaulo akuti anthu a mtundu wa Uyghur akugwiritsidwa ntchito mokakamizidwa. Boma la China limakana zimenezi. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idatulutsa lipoti lodandaula za derali mu Ogasiti 2022, ndipo kuyambira mu Juni chaka chomwecho America idaletsa katundu wochokera kumeneko pokhapokha mwini wake aonetse umboni wakuti adapangidwa mwaufulu. Ife a ku Malawi, amene makolo athu adalawa thangata, mawu akuti ntchito yokakamiza sitiwamva ngati nthano.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito ya munthu, adaphunzitsa kuti wantchito ndi wofunika kuposa makina ndi mpamba wa ndalama. Maepiskopi athu, m'kalata yawo ya pa Lenti wa 1992, adadzudzula malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika imene alimi ankalandira. Papa Fransisko mu 2015, m'kalata ya Laudato Si', adalimbikitsa mphamvu ya dzuwa, koma adatinso anthu a pamalopo ayenera kukhala ndi mawu chitukuko chisanayambe. Chifukwa chake tisamaganize kuti fakitale iliyonse ndi dalitso. Ngati wina angasankhe Tengani chifukwa chakuti kuno anthu ndi osauka, savuta ndipo safunsa, ndiye kuti watisankhira chifukwa choipa. Fakitale ya maselo imagwiritsa ntchito asidi woopsa ndi madzi ambiri. Madziwo akatha ntchito amapita kuti? Kuno yankho ndi limodzi: mu Shire, mmene timamwa, timawedza ndi kuthirira.

Munda wa masola si fakitale

Pali kusokoneza kumene tiyenera kukukonza. Anthu akamva za Nanjoka ku Salima, kumene masola a mamegawati 60 adayamba kupereka magetsi mu 2021, kapena za Golomoti ku Dedza, kumene a mamegawati 20 okhala ndi mabatire adayamba mu 2022, amati kumeneko kuli mafakitale a sola. Ayi. Imeneyo ndi minda ya masola. Masolawo adagulidwa kunja ndi kungoyalidwa pa mtunda kuti azitchera dzuwa. Munda wotere ndiwo umafunadi dzuwa, malo athyathyathya osasefukira, ndi siteshoni ya ESCOM pafupi. Uwu ndiwo ungathe kubwera ku Chigwa msanga kuposa fakitale.

Koma tidziwe m'mene ntchito zake zimakhalira. Pomanga amalemba anthu ambiri, okumba maenje ndi onyamula zitsulo, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Akamaliza pamatsala alonda, otchetcha udzu, opukuta magalasi ndi amisiri owerengeka. Malo aja, mahekitala ambirimbiri, amakhala m'mpanda zaka makumi awiri kapena kuposa. Ndiponso magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse. Mudzi woyandikana nawo ukhoza kukhalabe mu mdima ngati sudakambirane zimenezi poyamba pomwe.

Wina akabwera kudzapempha malo

Alendo ofuna malo adzabwera ndithu, kaya ndi a masola kaya ndi a migodi, pakuti akatswiri a za miyala adapeza kale mchenga wa rutile ndi ilmenite m'dera la Tengani, umene amapangira penti woyera. Akulu adati safunsa adadya phula. Tsono tifunse.

Tifunse kuti pa ntchito zisanu zija akufuna kuchita iti. Akati onse asanu, kapena akalephera kuzitchula, tadziwa kale kuti si wopanga masola. Tifunse kuti magetsi awatenga kuti, ndipo ali ndi pangano lolembedwa ndi ESCOM kapena ayi. Katundu wake adzera njira iti, ndipo adzagula ndani? Ntchito zokhalitsa ndi zingati, kupatula za nthawi yomanga, ndipo zikufuna maphunziro otani? Funso lina limene anthu ambiri amaiwala ndi ili: fakitale ikapanda kumangidwa, kapena ikatseka patapita zaka zitatu, malo abwerera kwa yani? Yankho lake likhale papepala, osati pakamwa.

Kufunsa kumeneku si mwano, ndipo si kudana ndi chitukuko. Malamulo ali kumbali yathu. Gawo 28 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa, ndipo ngakhale boma likafuna malo pa ntchito yothandiza onse, liyenera kudziwitsa eni ake nthawi ilipo ndi kupereka chipukutamisozi choyenera. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense, ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Mfumu ndi msungi wa malo, si mwini sitolo ya malo. Lamulo la za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kafukufuku wa m'mene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndi kuti anthu okhudzidwawo afunsidwe. Ndipo kuyambira mu Seputembala 2020, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma limatilola kupempha mapepala a mapangano ku ofesi ya Bwanamkubwa. Msonkhano umene aitanako amuna okhaokha, nagawa zakumwa ndi kuyendetsa pepala loti aliyense adinde chala, umenewo si kufunsa anthu.

Nanga chathu n'chiti?

Tinene mosabisa: fakitale yoyeretsa silikoni kapena yocheka timapale sidzabwera kwa Tengani m'badwo uno, ndipo wolonjeza zimenezo akusewera nafe. Yolumikiza masola, itati ibwere m'Malawi, ingayambe yaona Blantyre kapena Lilongwe. Koma ulendo wa sola suthera pa fakitale. Pali ntchito yachisanu ndi chimodzi imene munthu wa ku China sangaigwire ali kwawo: kukhoma sola padenga, kulumikiza mawaya molondola, kuwotcherera zitsulo zoimikira, kukonza pampu ikafa, kuyeza batire, ndi kulangiza wogula kuti asagule sola yabodza yolembedwa mawati 200 pamene mphamvu yake ndi theka. Mijigo ndi mapampu a sola angati aima m'midzi mwathu chifukwa mmisiri ali ku Blantyre? Ntchito imeneyi ndi ya anyamata ndi atsikana athu, ngati aphunzitsidwa. Ndalama za TEVETA ndi za chitukuko cha m'madera a aphungu zikhoza kuthandiza apa, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi ali ndi ufulu woika zimenezi pa mndandanda wawo.

Tikumbukenso lamulo la nzimbe lija. Fakitale imene ili ndi chifukwa chenicheni chokhalira kuno ndi yotsata zimene zili zolemera ndi zosachedwa kuonongeka: nsomba zofuna madzi oundana, mpunga wofuna kupuntha, chitowe chofuna kufinya, tomato wa m'madimba amene amavunda pa msika. Makina otere ndi aang'ono, ndipo masola otchipa a ku China angathe kuwayendetsa. Kutsika mtengo kumene kukupha mafakitale a masola kwina, kuno kukhoza kudzutsa chigayo.

Kwa aphungu ndi makhansala, tisawafunse kuti fakitale ibwera liti. Tiwafunse za zimene zimaitana fakitale, zomwenso zili m'manja mwa boma: kodi njanji yochokera ku Marka yafika pati, ndipo ndalama zake zatuluka zingati? Mawaya a magetsi obwera ku Nsanje adzalimbitsidwa liti? Milambala yotchinga madzi ili pa bajeti ya khonsolo ya chaka chino? Amenewa ndi mafunso okhala ndi mayankho a manambala ndi masiku, ndipo tikhoza kuwalemba m'buku la mphakati ndi kudzawakumbutsa chaka chamawa.

Zokambirana mu mphakati

Kodi m'dera lathu lino mudabwerapo anthu olonjeza fakitale, mgodi kapena esiteti? Adapempha chiyani, ndipo malowo ali m'manja mwa yani lero?

Kodi komiti ya za malo ilipo kwa gulupu wathu? Amayi amene ali m'komitiyo tikuwadziwa maina awo?

Tiwerenge masola ndi mapampu a sola amene adafa m'midzi ya mphakati wathu. Adafa ndi chiyani, ndipo wotha kuwakonza amene ali pafupi kwambiri amakhala kuti?